Mbira Zinayi Zopita ku Koleji

Lolemba, 8 Julaye

Alipo: ine; aNangozo, akazi anga; alamu aNgozo, achimwene awo a aNangozo, amene afika mochedwa komanso osaitanidwa.

Kunja nkhungu yokhayokha. Phiri silikuoneka, khola la mbuzi nalonso silikuoneka.

Lero ndayamba ntchito ya Feliya. Ndizilemba zonse monga ndinkachitira ndili mlembi wa kalabu ya alimi a mbatata ya kachewere, kuti pasatayike kanthu.

Nkhani yake ndi iyi. Feliya, mwana wathu woyamba, ali chaka chomaliza ku koleji, akuphunzira zoyeza magazi ndi mankhwala. Iye ndi anzake apatsidwa ntchito yomalizira sukulu, ndipo ntchitoyo imafuna mbira zamoyo. Koleji ilibe mbira. Feliya anaimirira pamaso pa aphunzitsi n'kunena kuti bambo ake amaweta mbira kuseri kwa Tsangano, abweretsa zinayi. Bambo akewo ndine.

Mmene anandifotokozera pafoni, ngati ndinamva bwino, mankhwala obaya ndi madzi a diripi amayamba ayesedwa asanapatsidwe kwa anthu. Akuti tizilombo toyambitsa matenda, ngakhale titafa, timasiya kalitsiro kosaoneka ndi maso, ndipo kuwiritsa sikukachotsa. Kalitsiroko kakalowa m'magazi, asilikali a m'thupi amakuwa, uthenga umafika kumutu, mutu umasonkheza moto. Kutentha thupi n'kumeneko. Tsono amabaya mbira pang'ono n'kumaiyang'anira. Ikatentha, mankhwalawo si oyera. Ikapanda kutentha, ali bwino. Yotenthayo akuti imazizira yokha tsiku lomwelo.

Ntchito yanga:
kusankha zazimuna zinayi, zazikulu, zathanzi;
kuziyeza m'mawa uliwonse ndi kachoyezera kutentha thupi kamene watumiza pa minibasi;
kuzisunga pamalo opanda phokoso mpaka Loweruka, adzazitenge.

Panali chinanso chimene ankanena, koma foni inalumphira pa netiweki ya ku Mozambiki, mawu n'kuduka. Ndikuganiza kuti kunali kutsanzika chabe.

Chiyambire Feliya sekondale, fizi amalipira alamu. Anagwira ntchito ku migodi ya ku Joni, pano ali ndi golosale. Ndimathokoza, sindinyoza. Mwini mbumba ndi iwo, ine ndine mkamwini pamudzi pano. Koma aka n'koyamba kuti sukulu ya mwana wanga ifune chinthu chimene ndili nacho ine.

Zosankhidwa:
Bwana, woyera, wamkulu, sakonda kugwidwa.
Mawanga, dzina likunena lokha.
Kachewere, wozungulira, wofatsa, amadya ngakhale ali m'manja.
Sajeni, wakuda, amayenda m'mbali mwa khoma ngati akulondera.

Zazimuna zina ziwiri ndazisiya kukhitchini, zodzalowa m'malo china chikachitika. Zazikazi zonse zisanu zili ndi bere, ndipo Feliya anati zabere ayi.

Zinayizi ndaziika m'bokosi la matabwa, m'chipinda cha Feliya chomwe, poti n'kwachete.

Kachoyezerako kamalowa kumbuyo kwa mbira, kumene sikutchulidwa, katadzozedwa mafuta. ANangozo akugwira, ine ndikulowetsa, kachoyezera kakulira.

Bwana 39.1. Mawanga 38.9. Kachewere 38.8. Sajeni 39.0.

ANangozo ayang'ana manambala, kenako ayang'ana ine. Akuti ana onse anawalera okha, ku sikelo anayenda mpaka patapata kutha, ndipo 38 ndi malungo kale. “Nanga 39, bambo a Feliya?”

Odwalawo akudya kabichi mothamanga.

Alamu afika titasamba kale m'manja. Amva nkhani, apukusa mutu, akuti mawa adzaona okha.

Ndikuthokoza kuti tazindikira msanga. Loweruka n'kutali, zichira.

Lachiwiri, 9 Julaye

Alipo: omwe aja.

Bwana 39.0. Mawanga 39.1. Kachewere 38.9. Sajeni 38.9.

Sizikutsika. Sizikukweranso. Malungo okhazikika.

Alamu afika kachoyezera kali patebulo. Akatenga, akatembenuza, akuti zinthu za masiku ano zimanama, tiyambe taweruza choyezeracho tisanaweruze mbira. Akuti ku chipatala cha ku mgodi ankawaika pansi pa lilime.

Ndisanatsegule pakamwa panga, atsegula pawo.

Ine ndimayankhula pang'onopang'ono, aliyense pamudzi pano amadziwa. Pamene ndimati “Alamu,” kachoyezera kali kale pansi pa lilime, iwo andikwezera dzanja kuti ndikhale chete, ndingasokoneze. Ndawamvera.

ANangozo atuluka mwadzidzidzi, akuti akukaona nkhuku. Ndikuwamva kuseri kwa nkhokwe akutsokomola. Kutsokomola kwake kwachilendo, kosatha.

Alamu 36.7.

Akuti kachoyezerako n'kabwino, kokha kakumveka mafuta odzola. Choncho mbira zikudwaladi.

Zothokoza: ndinali nditakapukuta ndi kansalu.

ANangozo akuti timuimbire Feliya. Ndakana. Ndimuuze chiyani? Kuti anaima pamaso pa aphunzitsi n'kutamanda mbira za bambo ake, ndipo mbirazo zonse zili ndi malungo? Ziyambe zachira, ndidzamuuza ikadzakhala nkhani yoseketsa. Komanso foni yatsala pang'ono kuzima, sola sikuona dzuwa chiyambire Lachisanu.

Tagwirizana zochita. Alamu akuti malungo amabwera ndi udzudzu, basi, palibe njira ina. Ndanena motsitsa kuti mwezi uno kuno udzudzu kulibe, ukadafa ndi chisanu. Akuti wa ku Mozambiki ndi wolimba, umawoloka malire popanda chiphaso.

ANangozo amasula neti ya pabedi pathu, aimangirira pamwamba pa bokosi, apisira m'mbali mwaudongo ngati akugoneka khanda.

Masana ndapita kudimba kukathyola kabichi wa masamba akunja ndi nsenjere. Zadya zonse. Munthu wa malungo amakana chakudya. Izi zikulira kwii kwii ndikangogwira chitseko. ANangozo akuti ndi chizindikiro chabwino, matenda sanafike m'mimba.

Akandiyang'ana akumayambanso kutsokomola.

Lachitatu, 10 Julaye

Alipo: ine, aNangozo, alamu. Sajeni palibe.

Neti yadyedwa. Zibowo zitatu, chimodzi chokwana mutu wanga. Sajeni watulukira pamenepo.

Ndamusaka m'nyumba monse. Pansi pa bedi, m'nsapato za Feliya, kuseri kwa matumba a fetereza. Ndamupeza m'chipinda chosungira mbewu ya kachewere, wakhala pamwamba pa mulu, akudya mphukira za mbewu yanga ya chaka chamawa. Pomugwira ndagunda mutu pa mtanda wa denga.

Sajeni 39.6. Enawo 39.0, 38.9, 39.0.

Alamu akuti mwaona, wayamba kubwebweta, n'chifukwa chake wathawa. Ine ndimaganiza kuti mwina ndi kuthamanga, poti nanenso ndatentha. Sindinanene.

ANangozo akuti neti imateteza koma sichiza. Chochiza ndi nthunzi, monga tinkachitira nthawi ya mliri wa chimfine uja. Athyola masamba a bulugama, a mandimu, a gwafa. Awiritsa mumphika waukulu wa thobwa. Mphika pambali pa bokosi, bulangete la alamu la ku Joni pamwamba pa zonse.

Ndapempha kuti tisiye kampata ka mpweya. Andimvera. Zikomo kwambiri pa chimenecho.

M'katimo kwii kwii, kenako zii. Ndavundukula msanga nthawi isanakwane.

Zamoyo zonse! Zanyowa ngati makoswe ogwera m'chitsime, ubweya wamatirira, maso atuluka. Bwana wandiyang'ana ngati ndinamubera mkazi. Kachewere akudya tsamba la gwafa limene lagwera m'bokosi.

Ndayezanso masana, ngakhale Feliya anati m'mawa mokha.

Bwana 39.9. Mawanga 39.8. Kachewere 39.7. Sajeni 40.0.

Zakwera!

Alamu akusangalala. Akuti umu ndi mmene zimakhalira, matenda akutuluka, amayamba akwera kenako n'kugweratu. Akuti kumgodi munthu wina anatentha mpaka bulangete kufuka utsi, mawa lake n'kulowa pansi kukagwira ntchito.

Ndazipukuta imodziimodzi ndi malaya anga akale. Ndakhala nazo mpaka zauma.

Zothokoza lero:
palibe yafa;
chimfine changa cha milungu ingapo chatha, poti mutu wanga unalowa nawo m'bulangete;
nyumba ikununkhira bwino.

Mawa kuli msonkhano wa amayi a mpingo. ANangozo atumiza mawu kuti sakwanitsa kupita, akudwazika matenda. Ndawafunsa ngati anena kuti odwalawo ndani. Akuti sanafunsidwe.

Lachinayi, 11 Julaye

Alipo m'mawa: ine ndi aNangozo. Alipo masana: mpingo.

M'mawa zabwerera pakale. 39.0, 39.0, 38.8, 39.1. Nthunzi yonse ija yapita pachabe.

Dzuwa litapendeka pang'ono ndikumva kuimba kumsewu. Ndikuganiza kuti kuli maliro kutsidya. Kuimbako kwakhota pa mtengo wa pichesi, kwalowa pabwalo pathu.

Amayi a mpingo, m'mayunifolomu, khonde lodzaza. Wina wasenza nkhuni, wina ufa m'beseni, wina shuga, wina sopo. Kutsogolo mtsogoleri wawo, aNachisale, ndi ndodo yawo, mwendo wotupa uja. Achoka kutali, kudutsa dambo.

Zikuoneka kuti mawu a aNangozo anakumana panjira ndi a alamu. Alamu akhala akuuza aliyense wogula mchere pagolosale kuti kwa mlongo wawo anayi agona ndi malungo, ndipo mmodzi dzulo anathawa m'nyumba chifukwa chobwebweta.

Moni watenga nthawi. Aliyense kundigwira dzanja ndi manja awiri, pepani, pepani, limbani mtima. Ine ndikuti zikomo, poti kunena china pakati pa moni n'kupanda ulemu. Kenako aNachisale apempha kuti aone odwala.

ANangozo andiyang'ana. Ndatsogola ine.

Alowa mwakachetechete, atavula nsapato. Ayang'ana pabedi, palibe munthu. Ndakweza neti.

Kachewere akutafuna.

“Ndi awa?” afunsa aNachisale.

Ndafotokoza zonse, za Feliya, za koleji, za kalitsiro kosaoneka. Mawu anga samveka patali, choncho akutsogolo akumauza akumbuyo, ndipo pofika kukhonde nkhani yakhala yoti Feliya akufuna kuchita opaleshoni mbira.

ANachisale aganiza pang'ono. Akuti mwendo wawo suyenda ulendo wachabe. Wolenga anthu ndi yemwe analenga mbira, ndipo maphunziro a mwana ndi chinthu chopempherera. Ayambitsa nyimbo.

Feliya anati malo opanda phokoso.

Amayi athu saimba monong'ona. M'chipinda chaching'ono, malata pamwamba, m'manja akuomba, pansi akuponda. Mbira zaunjikana pakona, ina pamwamba pa inzake. Pa ndime yachitatu Bwana waluma Kachewere khutu. Magazi. Ndalowetsa dzanja kuti ndilanditse, maso otseka theka poti pemphero layamba.

Pemphero lake labwino ndithu. Atchula Feliya ndi dzina. Atchulanso ine, akuti bambo wofatsa amene akuchita zimene angathe.

Tsono anthu obwera ndi nkhuni ndi ufa sabwerera ndi njala. Nkhuku zathu zinatha ndi chitopa, yatsala ya anapiye yokha. Ndikumva aNangozo akunola mpeni kukhitchini. Pamene ndimafika, zazimuna ziwiri zija, zolowa m'malo, zili kale m'madzi otentha.

ANangozo akuti, “Zimene ndapha ndi zathanzi. Ndikadapatsa alendo zodwala?”

Palibe chotsutsa pamenepo.

Adya ndi kachewere wophika, aliyense kanthuli kakang'ono. Akuti kunyumba ya matenda sanadyepo bwino chonchi. Pochoka aNachisale atenga masamba a bulugama otsala, akuti akayesere mwendo.

Zothokoza: nkhuni za mwezi wathunthu, ufa, shuga, sopo. Ndanena kuti tibweze poti odwalawo si anthu. Akana.

Zotsala: zinayi zokha, popanda zolowa m'malo. Imodzi khutu long'ambika.

Lachisanu, 12 Julaye

Alipo: ine ndi aNangozo. Alamu apita ku Lizulu kukaoda katundu.

Bwana 38.3. Mawanga 38.4. Sajeni 38.2.

Zatsika! Ndayeza kawiri kuti nditsimikize. Zatsika ndithu!

Ndimati ndi pemphero. ANangozo akumwetulira, akuti pemphero analithandizira. Dzulo alendo atapita anasinja theka la panado n'kusungunula m'kambale ka madzi akumwa, lero m'mawa thekanso. Anatsegulanso zenera kuti fungo la bulugama lituluke. Akuti akadandifunsa ndikadayamba kuwerengera mpaka Loweruka kukwana.

Ndawathokoza. Zaka zonsezi, mkazi uyu sanaonepo cholengedwa chikudwala n'kukhala pansi.

Koma Kachewere 40.4.

Wakhala yekha pakona, ubweya waima, khutu latupa ngati nyemba yonyowa. Madziwo sanamwe. Ndamupatsa tsamba la kabichi lanthete, walinunkha, walisiya. Kachewere kusiya kabichi! Uyu ndiye akuoneka wodwala. Zandipatsa maganizo. Ngati kudwala kumaoneka chonchi, nanga zija za Lolemba zinali chiyani? Ndaliganiza funso limeneli ndikupalira anyezi, kenako ndalisiya, poti manambala ndi manambala.

Zitatu zachira, imodzi mwina mawa. Tsopano ndingathe kulankhula ndi mwana wanga.

Ndakwera njinga kupita pa Tsangano. Mphepo yake yodula makutu. Ndatchajitsa foni pa malo ometera tsitsi, ndikudikira ndameta ndevu kuti Feliya adzandipeze waudongo. Ndagula katoni yabwino kwa ogulitsa sopo, ndaiboola mabowo a mpweya ndi msomali, mizere yowongoka. Ndagulanso kachingwe katsopano komangira.

Foni itayaka ndaimba. Sakuyankha, ayenera kuti ali m'kalasi. Ndalemba uthenga: Mwana wanga usade nkhawa. Zitatu zachira. Bambo ako.

Ndili panjira yobwerera, foni yalira m'thumba. Ndatsika panjinga.

Feliya: Zachira chiyani ababa?

Ndayamba kulemba yankho, lalitali, kuyambira Lolemba. Pamene ndimati nditumize, foni yandilandira ku Mozambiki, mayunitsi onse n'kupita.

Palibe kanthu. Mawa adzaona yekha.

Madzulo ndamuika Kachewere m'kadengu payekha, pafupi ndi moto. Ndamuthira madontho a madzi pakamwa ndi kaudzu. Wamwa pang'ono.

Zothokoza: zitatu, katoni, ndevu.

Loweruka, 13 Julaye

Alipo: ine, aNangozo, alamu, Feliya.

Wafika pa njinga yamoto, fumbi mpaka m'nsidze. Wawonda pang'ono. Wagwada kupereka moni monga kale, sanaiwale. Tiyi sanamalize, akufuna aone mbira.

Ndamufotokozera mwandondomeko, tsiku ndi tsiku.

Za neti, waseka. Za nthunzi, wagwira pakamwa. Za amayi a mpingo, wagwera pabedi, misozi kutuluka, akuti ababa imani kaye ndipume. Amayi ake akuseka nawo. Nanenso ndaseka pang'ono, poti mwana akuseka.

Za panado, kuseka kwatha.

Wafunsa manambala a Lolemba. Ndamuuza. Wakhala tsonga.

“Ababa, mbira si munthu. Thupi lake limakhala lotentha choncho. Lolemba lija zinali bwinobwino.”

Akuti n'zimene ankanena pamene foni inaduka. Musadabwe mukaona 39, ndipo musazipatse mankhwala alionse. Sikunali kutsanzika.

Ndafunsa ngati zitatuzi sizingapitebe, poti zikuoneka zamphamvu. Akuti ayi. Mbira yomwa mankhwala oziziritsa thupi ingabayidwe zinthu zakuda n'kusatentha, ndiye yanamiza anthu. Komanso zaopsezedwa sabata yonse, zikangomva mapazi thupi limasintha. Kutsika kwa dzulo akuti mwina si panado n'komwe, mwina ndi zenera.

Wamunyamula Kachewere, wayang'ana khutu. Akuti uyu yekha ndiye wotenthadi, ndipo zimene zikuchitika mwa iye ndi zomwe akuphunzirazo. Tizilombo ta m'mano a Bwana talowa pabala, asilikali akuwa, mutu wasonkheza moto. Watsuka balalo ndi madzi ofunda a mchere, manja ake odekha ngati a namwino weniweni. Ndinaima pakhomo n'kumangoyang'ana manjawo.

Kenako wakhala pabedi, maso pa nsapato zake. Anzake akonza kale zonse. Aphunzitsi akudikira Lolemba m'mawa. Akafika chimanjamanja, ntchito yawo isunthira teremu ina, ndipo iye ndi anzakewo samaliza pamodzi ndi kalasi yawo. Akuti cholakwa n'chake, akadalemba pakapepala. Sananene kuti n'changa. Zikanakhala bwino akadanena.

ANangozo akulira mwakachetechete. Katoni yanga ili pakhomo ndi mabowo ake owongoka.

Feliya wadzuka kuti alongedze kachoyezera. Akukatsuka ndi sopo, kenako sipiriti, akuuza amayi ake kuti kansalu kopukutira akataye, kasayandikire ziwiya, poti kachoyezerako kamalowa kumatako kwa mbira.

Alamu anali akumwa tiyi. Aika kapu pansi.

“Kamalowa kuti?”

Feliya wabwereza.

Alamu atuluka. Tikuwamva pa ndowa ya madzi akuchukucha m'kamwa, kulavula, kuchukuchanso. Feliya sakumvetsa. Amayi ake, misozi ili m'masaya, ayambanso kutsokomola kuja.

Atabwerera aima patsogolo panga. “Alamu. Lachiwiri lija.”

“Ndinapukuta,” ndatero.

Ndi aNangozo amene akumbukira kumene mbira zina zingapezeke. Achimwene awo nawonso ali ndi mbira, m'khitchini yakale kuseri kwa golosale. Akazi awo amakhala ku Lizulu pa malonda a tomato, ndiye palibe amene amazilabadira. Zimaponyeredwa masamba a kabichi otsala pamsika, basi. Zilibe mayina. Alamu sakudziwa n'komwe kuti zilipo zingati.

Tapita tonse. Mdima, fungo, mbira zonenepa zikutiyang'ana mosadabwa. Palibe inagonapo mu neti. Palibe inaimbiridwapo. Feliya wasankha zazimuna zinayi, wayeza. 38.9, 39.0, 39.0, 38.8. Akuti akaziyezanso kukoleji masiku angapo, aphunzitsi alola zimenezo bola mbira zafika. Nkhope yake yabwerera.

Alamu akuti, “Tenga, mwana wa mlongo wanga. Za sukulu yako ndimatha ndine.”

Sananene monyoza. Amanena choncho nthawi zonse, ndipo n'zoona.

Ndati, “Alamu, mundikongoze.”

Sanamve. Ndabwereza, mokweza kuposa mmene ndinayankhulirapo pamudzi pano. Mbira zathawira kukona.

“Mundikongoze ine mbirazi. Ndidzabweza.”

Aseka. Akuti ndani anakongozapo mbira, zinthu zongoswana zokha? Akuti ndisadzivute. Ine ndangoima, katoni m'manja.

ANangozo akuti, “Achimwene, amvereni.”

Alamu andiyang'ana nthawi yaitali. Ayang'ana Feliya. Feliya akuyang'ana pansi. Kenako akuti chabwino, ngongole ndi ngongole, zinayi zazimuna zazikulu ngati zomwezi. “Ndi imodzi ya pakamwa panga.”

Tagwirana chanza. Mboni: aNangozo ndi Feliya.

Lamulungu, 14 Julaye

Alipo m'mawa: tonse. Alipo tsopano: ine ndi aNangozo.

Nkhungu yachoka. Sola yaona dzuwa lero, pamene palibenso woti ndimuimbire.

Katoni ndamanga pa njinga yanga ndi kachingwe katsopano kaja. Feliya amati aitane wa njinga yamoto, ndati ayi, zingagwedezeke, ndikankha ndekha mpaka pa siteji. Tayenda pang'onopang'ono, iye mbali ino, ine mbali iyo. Wandiuza za chakudya cha kukoleji. Ndamuuza kuti mbewu ya kachewere yatsala yokwanira ngakhale Sajeni anadyako.

Pa siteji wothandiza dalaivala amafuna kuponya katoni pamwamba pa matumba. Feliya wakana, akuti aifungatira pamiyendo. Munthuyo wafunsa kuti muli chiyani chofunika chonchi.

“Mbira za ababa anga,” watero Feliya.

Ndimati ndikonze kuti n'za amalume ake. Ndakumbukira kuti ndinakongola. Ndi zangadi.

Kutchalitchi ndafika mochedwa. Pa zolengeza, aNachisale aimirira n'kuuza mpingo kuti odwala a kwa aNangozo apeza bwino. Anthu ena ati ameni. Ena ayang'ana pansi, mapewa akugwedezeka. Alamu akhala benchi ina lero, koma potuluka andipatsa moni, afunsanso za Kachewere.

Kachewere wadya theka la tsamba. Khutu laphwa pang'ono. Sindingamuyeze, kachoyezera kapita ndi mwini wake, koma ndikumuona ndi maso.

Bwana, Mawanga ndi Sajeni abwerera kukhitchini, pansi pa thandala. Ku koleji sapita. Anafika pakhomo penipeni, monga ine ndi sekondale. Sakuoneka odandaula.

Neti aNangozo akuisoka. Akuti chibowo chachikulu chikhala mbali yanga.

Zothokoza sabata ino: palibe yafa ndi mankhwala athu, mwana wakwera minibasi ndi zimene analonjeza, nkhuni zikadalipo zambiri, alamu sanadwale.

Zazikazi zisanu zija ziswa posachedwa. Ndikapatula ana aamuna, ndiwasiya okha. Neti ayi, nthunzi ayi, nyimbo ayi. Kabichi basi.

Zaka zonsezi sindinakhalepo ndi ngongole ya sukulu ya mwana wanga, poti palibe anandiyesa woyenera kukongola. ANangozo akuti sanaonepo munthu wangongole akuimba likhweru. Ndilemba pano kuti isaiwalike.

Kwa alamu aNgozo, pa za sukulu ya Feliya, m'dzina langa: mbira zazimuna zinayi, ndi imodzi ya pakamwa. Zabwezedwa: palibe. Zatsala: zisanu.